Wagwa bwanji? Fizikisi ya amene mukufuna udokotala

Munthu akabwera naye kuchipatala atavulala, sititaya nthawi yambiri kufunsa kuti akumva kuwawa motani, poti kuwawako timakuona pankhope. Timafunsa kuti zachitika bwanji. Wagwa kuchokera patali bwanji? Wagwera pa simenti kapena pa dothi lolima? Njinga imathamanga kwambiri? Chipewa anavala, nanga anachimanga? Achibale ena amapsa mtima ndi mafunso amenewa, amaona ngati tikuzenga mlandu pomwe m'bale wawo akubuula pa benchi. Komatu mayankho akewo ndi amene amatiuza poyang'ana, X-ray isanajambulidwe n'komwe.

Ine ntchito yanga ndi ya mafupa, ndine clinical officer, ndipo ndakalambira m'mawodi a anthu othyoka. Loweruka masana ndimakhala pakhonde kwathu ku Chilomoni ndi mwana wa achemwali anga pamodzi ndi anzake, onse a Fomu 4, onse maso ali ku udokotala. Biology amaikonda, Chemistry amaipirira, koma Physics amangoloweza kuti adutse. Mwana wa achemwaliyo anandifunsa mosabisa: "Amalume, ine ndikufuna kuchiza anthu, osati kukonza magalimoto. Timangolo totsetsereka pa thabwa tindithandiza chiyani?" Zimene ndikulemba panozi ndi zimene ndakhala ndikumuyankha, pang'onopang'ono, Loweruka ndi Loweruka.

Choyamba, Physics simuithawa. Sukulu ya madokotala inatsegulidwa kuno ku Blantyre mu 1991 ngati College of Medicine, ndipo mu 2021 inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS). Ili pamsewu wa Mahatma Gandhi, pafupi ndi Gulupu pomwe ophunzira amakaonera odwala. Wochokera ku MSCE sayambira pa wodwala, amayamba ndi chaka cha maziko, ndipo Physics amaipeza ikumudikira kumeneko. Basi, za sukulu ndalekeza pomwepa.

Tikwere minibasi. Mwanyamuka ku Limbe, mukutsika ndi Highway, pa Chichiri dalaivala waona munthu akukweza dzanja ndipo waponda buleki mwadzidzidzi. Nonse mwagwadira kutsogolo, mayi wa dengu la tomato wayamba kulalata. Ndikafunsa anawa kuti chakukankhirani kutsogolo n'chiyani, onse amati buleki. Palibe chimene chakukankhani. Buleki yagwira matayala, matayala agwira msewu, minibasi yachepetsa liwiro. Inuyo simunamangiriridwe ku minibasiyo, ndiye mwangopitiriza ulendo pa liwiro lomwe munali nalo mpaka mpando wakutsogolo wakuimitsani. Limenelo ndiye lamulo loyamba mwa malamulo atatu amene Isaac Newton anasindikiza mu 1687: choima chimakhalabe chili chiimire, choyenda chimapitirira molunjika pa liwiro lomwelo, pokhapokha pabwere force, kukankha kapena kukoka, yoti ichisinthe.

Tsono lamulo lomwelo lilowetseni m'thupi. Pa ngozi yapamsewu pamakhala kuima kutatu. Galimoto imaima ikagunda mtengo. Munthu amaima akagunda chiwongolero kapena galasi. Koma za m'kati mwake zimakhala zisanaime. Ubongo umayandama m'madzi ochepa m'kati mwa chigaza, ndiye chigaza chikaima mwadzidzidzi ubongo umapitirira n'kudzimenyetsa kukhoma la kutsogolo, kenako n'kubwerera kukagunda la kumbuyo. Ndi chifukwa chake munthu womenyetsa chipumi angathe kupezeka ndi bala la ubongo cha kunkhongo. Chiwindi ndi kapamba nazonso zimapitirira, n'kukoka mitsempha imene imazigwira, nthawi zina mpaka kung'ambika. Munthu wotereyu amatha kudzuka pamalo a ngozi, kudzikuntha fumbi, kukangana ndi dalaivala za chipukutamisozi, wopanda ndi kabala komwe. Pakapita maola angapo wayamba kusanza, kuwodzera, kapena mimba yauma gwaa. Wophunzira amene anamvetsa za mu minibasi zija salola munthu ameneyu kupita kwawo chifukwa choti khungu lili bwinobwino.

Lamulo lachiwiri ndi lija aliyense amalidziwa pamtima, F = ma, ndipo ndi limene anawa amalilemba mofulumira koma osaliona. F ndi force, m ndi mass, ndiye kuti makilogalamu a chinthucho, ndipo kachilembo ka a kakuimira kusintha kwa liwiro pa sekondi iliyonse, kaya kuwonjezereka kaya kuchepa. Kwa ife a m'chipatala, mbali ya kuchepayo ndiyo imatibweretsera odwala. Liwiro palokha silithyola fupa. Amene akwera ndege pa Chileka amathamanga kuposa galimoto iliyonse ya mu mzinda muno, n'kutsika ali bwinobwino. Chothyola ndi kuima msanga.

Tiwerengere. Mnyamata wolemera makilogalamu 60 ali pa kabaza wa njinga yamoto, akuthamanga makilomita 36 pa ola. Musanachite china chilichonse gawani ndi 3.6 kuti mupeze mamita pa sekondi, zikupatsani 10. Wakabaza akagwira buleki bwinobwino n'kuima m'masekondi 5, liwiro likuchepa ndi 2 pa sekondi iliyonse, ndipo force imene ikuimitsa mnyamatayo ndi 60 kuchulukitsa ndi 2, ma newton 120 (newton ndiye muyezo wa force). Zimenezo amangozimva m'mikono. Koma njinga yomweyo, pa liwiro lomwelo, ikaomba kumbuyo kwa lole yoima, mnyamatayo n'kuima m'gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, kuchepa kwa liwiro kukhala 100, ndipo force ikhala ma newton 6,000. Kumeneko kuli ngati kumusanjikira matumba 12 a simenti nthawi imodzi, pamalo pamene wagundira pokhapo. Munthu yemweyo, liwiro lomwelo. Chasintha ndi nthawi yoimira basi.

Mukaimvetsa nambala imeneyi, zinthu zambiri zimatseguka zokha. Lamba wa m'galimoto amatamuka pang'ono kuti atalikitse nthawi yoima, komanso amaika force pa mafupa olimba a m'chiuno ndi pachifuwa m'malo mwa nkhope. Kutsogolo kwa galimoto za masiku ano kumapindika mosavuta mwadala, ngakhale eni ake amadandaula kuti zitsulo za makono n'zofewa. Chipewa cha njinga nacho, ntchito yaikulu siili pa chikhokho cholimba chakunjacho ayi, ili pa chofewa cham'katicho, chimene chimaphwanyika kuti mutu uime mochedwerapo. Nthawi yoima ikatalika kasanu, force imachepa kasanu. N'chifukwa chake zimandiwawa ndikaona akabaza m'misewu ya ku Ndirande kapena ku Bangwe atavala zipewa za pa ntchito yomanga, zija zopanda kanthu m'kati, kapena chipewa chenicheni koma chingwe chili lende. Chosamangacho chimamvera lamulo loyamba lija: mutu ukasintha njira, icho chimapitirira ulendo wake chokha, mutu n'kufika pa phula uli pamtunda. Ndipo wokwera kumbuyo, amene amalipira ndalama, kawirikawiri sapatsidwa n'komwe.

Liwiro lili ndi mbali yake ina imene madalaivala sakhulupirira. Energy ya chinthu choyenda, mphamvu imene chili nayo chifukwa cha kuyendako, ndi theka la mass kuchulukitsa ndi liwiro kawiri, ½mv². Liwirolo likulowa kawiri m'masamumo. Choncho kuchoka pa makilomita 30 pa ola kufika pa 60 sikuwonjezera energy kawiri, koma kanayi. Mtunda wofunika kuti mabuleki aimitse galimoto nawo umakula kanayi, ndipo energy yonseyo ikapanda kuthera m'mabuleki ngati kutentha, imathera m'zitsulo ndi m'mafupa. Amene mwatsikako ndi msewu wa ku Chikwawa pa mapiri paja munamvako fungo la mabuleki a malole. Ndi energy imeneyo ikusanduka kutentha.

Mango akayamba kupsa, cha mu Novembala ndi Disembala, wodi ya ana imadzaza ndi zigongono. Mwana wakwera, nthambi yathyoka, iye watambasula dzanja kuti adzitchinjirize, force yonse yakwera ndi mkono n'kukathyola fupa pamwamba pang'ono pa chigongono, pomwe ndi popyapyala mwa ana. Apa masamu ake ndi okoma. Dziko limakoka chinthu chakugwa n'kumachiwonjezera liwiro ndi mamita 9.8 pa sekondi, sekondi iliyonse, ndipo powerengera mwachangu timangoti 10. Mwana wakugwa kuchokera pa mamita 5 amafika pansi m'sekondi imodzi, pa liwiro la mamita 10 pa sekondi. Ndi makilomita 36 pa ola aja a mnyamata wa pa kabaza. Mayi akandiuza kuti "anangogwa mu mtengo basi," ine m'mutu ndimakhala ndikuyeza mtengowo. Kenako ndimafunsa pomwe wagwera, chifukwa mizere ya m'munda imaphwanyika n'kumupatsa nthawi yoima, pomwe bwalo losesedwa louma ndi dzuwa la Okutobala silimupatsa kalikonse.

Anawa amakana ndikawauza kuti munthu wamkulu ndi mwana, atagwa pa nthambi imodzi, angafike pansi limodzi. Galileo anaonetsa zimenezi ku Italy Newton asanabadwe, koma mpaka lero mtima wa munthu umakanabe. Cholemera chimakokedwa kwambiri, inde, koma n'chovutanso kuchiyendetsa, ndiye ziwirizo zimathetsana. Chosiyana ndi energy imene aliyense wafika nayo pansi, ndipo wamkuluyo wafika ndi yambiri.

Pa mass ndi weight sindichedwapo. Mass ndi makilogalamu, weight ndi force imene dziko likukokera makilogalamuwo, ndipo imayezedwa m'ma newton. Ndowa ya malita 20 a madzi ndi makilogalamu 20, imakanikiza pamutu ndi ma newton pafupifupi 200. Chimene ndimalimbana nacho kwambiri ndi chizolowezi cholemba nambala yopanda muyezo wake. Mwana akandilembera "yankho ndi 120" ndimamubwezera pepala. Amati ndine wovuta. Koma mankhwala a ana amaperekedwa potengera kilogalamu iliyonse ya thupi, ndipo dzanja limene lazolowera kusiya N ndi kg pa pepala la Physics ndi lomwelo lidzasokoneze mg ndi ml pa fayilo ya mwana wa munthu.

Lamulo lachitatu ndi limene limamveka losavuta koma limagwetsa ambiri: ukakankha chinthu, nachonso chimakukankha ndi force yofanana, kulowera kwina. Funso langa limakhala ili: lole ya makilogalamu 10,000 yaombana ndi njinga yamoto yomwe pamodzi ndi woyendetsa ndi makilogalamu 200. Chamenya chinzake mwamphamvu n'chiti? Onse amati lole. Force ndi yofanana ndendende mbali zonse ziwiri. Kungoti ukaigawa ndi 10,000 ikupatsa kusintha kwa liwiro kochepa, dalaivala wa lole amangomva kugwedezeka, pomwe ukaigawa ndi 200 kusinthako kukula ka 50. Cholakwika china chofala n'kuganiza kuti ma force awiriwa amathetsana. Sangathetsane, chifukwa ina ili pa lole, ina ili pa njinga. Zothetsana ziyenera kukhala pa chinthu chimodzi.

M'wodi lamuloli limaonekera pamene mtima wa munthu waima. Pofinya chifuwa timafuna chilowe masentimita 5 mpaka 6, ka 100 mpaka 120 pa mphindi. Kuti chifuwa chifinyike pafunika china chokankha kuchokera kumsana. Wodwala akakhala pa matiresi ofewa, manja anu amatsika ndithu, thukuta n'kumatuluka, koma mbali ina ya kutsikako ndi matiresi chabe. Ndiye timalowetsa thabwa kumsana kapena kumutsitsira pansi.

Za mkono ndinene mwachidule, ngakhale ndimazikonda. Mnofu wa kutsogolo kwa mkono umagwira fupa pafupifupi masentimita 5 kuchokera pa chigongono, pomwe chikhatho chili cha pa masentimita 35. Mukapinda mkono n'kunyamula makilogalamu 5 pachikhatho, ma newton 50 kuchulukitsa ndi 35 ayenera kufanana ndi force ya mnofu kuchulukitsa ndi 5. Mnofuwo ukukoka ndi ma newton 350, kasanu ndi kawiri kuposa katunduyo, ndipo kulemera kwa mkono weniweniwo sitinakuwerengere. Yesani ndi ndowa ya malita 20, mupeza ma newton 1,400. Palibe mayi wa pa mjigo amene anawerengerapo zimenezi, koma simudzamuona atanyamula ndowa mkono uli chipindire. Amaiwongola kapena amasenza, kuti katundu adutse molunjika m'mafupa. Msana nawo ndi chimodzimodzi: namwino wonyamula wodwala atawerama, wodwalayo ali patali ndi thupi lake, akupempha minofu ya msana, yomwe ili pafupi kwambiri ndi popindikira, kuti ikoke zoposa muyezo. Anzanga ambiri a ntchito amayenda atagwira m'chiuno chifukwa cha zimenezi.

Koma malo amene Physics ya Fomu 4 imagona pa bedi n'kumakuyang'anani ndi pa munthu wothyoka fupa la ntchafu. Minofu ya ntchafu ndi yamphamvu zedi, ndipo fupa likaduka imakoka zidutswa ziwirizo n'kuzipitiriza, mwendo n'kufupika. Chikhakha sichingalimbane nayo mwa munthu wamkulu. Kumene opaleshoni yoika chitsulo siingachitike msanga, timakoka mwendowo: kachitsulo kamadutsa m'fupa m'munsi mwa pothyokapo, chingwe chimachoka pamenepo n'kudutsa pa kagudumu kumapazi a bedi, ndipo kumapeto kwake kumalendewera cholemera, kawirikawiri pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa wodwalayo. Munthu amagona choncho masabata 6 kapena kuposerapo. Kagudumuko sikawonjezera force, kamangoitembenuza, kukoka kopita pansi n'kukhala kukoka kotsata mwendo.

Ndikafika apa ndimawapatsa anawa pensulo kuti ajambule wodwalayo ngati kabokosi, ndi mivi yoonetsa force iliyonse imene ili pa iye. Amajambula muvi wa chingwe wolozera kumapazi, wa weight wolozera pansi, wa bedi wolozera m'mwamba, n'kuika pensulo pansi. Ndiye ndimafunsa: nanga n'chiyani chikuletsa munthuyu kutsetserekera kumapazi? Amakhala chete. Pa bedi lathyathyathya pali friction yokha, kukhulana kwa pakati pa msana ndi nsalu, ndipo siikwanira, komanso kukhulana kumeneko ndi kumene kumathandiza kuyambitsa zilonda za pamsana. Wodwala amatsetsereka pang'onopang'ono mpaka phazi lagunda chitsulo cha bedi kapena cholemera chija chakhala pansi. Chikangokhala pansi, simenti ndi imene yachinyamula, chingwe chalefuka, ndipo minofu ija yayambanso ntchito yake yofupikitsa mwendo.

Nthawi zina si kutsetsereka. Ndalowapo m'wodi m'mawa n'kupeza cholemera chitakhazikidwa bwinobwino pa mpando. Agadiyani, mayi achikulire, anandiuza mwaulemu wonse kuti: "Adokotala, mwanayu amalira usiku, ndiye ndinati chimwalachi chipumeko." Simungawakalipire, ndi chifundo chimenecho. Mumakhala pansi n'kuwafotokozera kuti kupuma kwa mwalawo ndi kumene kumabweretsa ululu, chifukwa mafupa ayambanso kukhulana, ndipo mwana wawo angadzayende motsimphina moyo wake wonse. Kuti muwafotokozere m'mawu oti amve, muyenera kuti inuyo munazimvetsa kaye, osati kuloweza.

Mankhwala a kutsetserekako ndi kukweza miyendo ya bedi ya kumapazi, kuti thupi la wodwala lizikokera kumutu. Limenelitu ndi thabwa lotsetsereka lija mwana wa achemwali amalinyoza. Bedi lotalika mamita 2, likakwezedwa masentimita 20 kumapazi, kupendekeka kwake ndi 20 kugawa ndi 200, ndiye kuti 0.1. Wodwala wa makilogalamu 60 ali ndi weight ya ma newton 600, ndipo gawo limene likumukokera kumutu motsata bedi ndi 600 kuchulukitsa ndi 0.1, ma newton 60. Cholemera chake ndi makilogalamu 6, chikukokera kumapazi ndi ma newton 60. Ziwirizi zili pa munthu mmodzi, ndiye zikuthetsana: thupi silisuntha, koma ntchafu ili pakati ikukokedwa mbali zonse ziwiri, zomwe ndi zimene timafuna. M'wodi zenizeni sizikhala zoyera chonchi, pali friction, mapilo, ndi wodwala amene amadzuka kuti adye nsima, choncho timayeza mwendo ndi tepi n'kumasintha. Ndipo izi si zoti wina akayesere kunyumba pa m'bale wake.

Amene mukulemba MSCE chaka chino, nali funso loti mulimbane nalo. Pa bedi lomwelo la mamita 2 pagona bambo wa makilogalamu 80, ndipo cholemera chake ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a thupi lake. Osawerengera friction, bedi likwezedwe masentimita angati kuti asatsetsereke? Jambulani mivi kaye musanagwire kakyuleta. Mukapeza yankho, bwerezani ndi mtsikana wa makilogalamu 45, ndipo mundiuze chifukwa chake nambalayo ikutuluka mmene ikutulukiramo.